Kusunga nsato yaing'ono m'chipinda cha ku Zandspruit

Ball python ndi nsato yaing'ono ya ku West Africa, kumaiko ngati Ghana, Togo ndi Benin, kotentha ndi kwachinyezi. Ilibe ululu, siipitirira kwenikweni mita imodzi ndi theka, ndipo imatha kukhala zaka 20 mpaka 30. Nsato yathu yakutchire ndi ina, ndipo malamulo a South Africa amaiteteza. Vuto la kuno ku Joni ndi June ndi July: mpweya umauma gwa, ndipo m'nyumba ya malata usiku kumazizira koopsa.

Njoka yaing'ono imakwana m'bokosi la pulasitiki loboola timabowo m'mbali. Chivindikiro chikhale chokhoma, chifukwa imakankha ndi mutu mpaka kutuluka. Ku Zandspruit nyumba n'zogundana. Ikatulukira kwa aneba adzaipha, mwinanso nkhani za ufiti zidzayamba. Uzani mwini nyumba musanaibweretse.

Mbali imodzi ya bokosi itenthe madigiri 31 mpaka 33, inayo 24 mpaka 26, kuti njoka izisankha yokha pokhala. Heat mat (mphasa yamagetsi yotenthetsera) ikhale pansi pa mbali yotenthayo, kunja kwa bokosi, ndipo musailumikize popanda thermostat (kachipangizo koletsa kuti isatenthe mopitirira muyeso): njoka imagona pamalo oiwotcha mpaka kupsa mimba osachokapo. Magetsi akazima, kulungani botolo la madzi ofunda m'thaulo n'kuligunditsa kubokosi. Mbaula kapena hita ya palafini ayi, utsi wake umaidwalitsa. Pansi yalani makoko a kokonati kapena nyuzipepala, osati utuchi wa paini. Ikani pobisala pawiri, kotentha ndi kozizira, ndi mbale yamadzi yolemera yoti isagudubuzike.

Njoka yomwe ikukula imafundula pakatha masabata 4 mpaka 6 alionse. Khungu limayamba kuthimbirira, mimba imafiirira pang'ono, maso amachita ngati muli mkaka. Masiku amenewo siiona bwino, choncho musaigwire, ndipo ikakana chakudya musadandaule. Maso akayeranso, dziwani kuti kwatsala masiku ochepa. Chinyezi, chomwe masiku onse chimafunika pa 55 mpaka 65 peresenti, chikwezeni chifike cha m'ma 70. Tengani kontena ya ayisikilimu, boolani khomo, ikani nsalu yonyowa koma yofinya bwino, muiike kumbali yotentha. Idzalowamo yokha.

Khungu labwino limachoka lathunthu, lotembenuzika. Liyang'aneni kumutu: payenera kuoneka timamba tiwiri toonekera mkati tomwe timaphimba maso. Onaninso kunsonga ya mchira, pakuti khungu lotsalira pamenepo likauma limamanga magazi ndipo nsongayo imafa. Likatsalira, musasende ndi zala. Ikani njoka m'kontena ya mabowo yokhala ndi thaulo lofunda lonyowa kwa mphindi 30, idzadzikhula yokha. Zotsalira m'maso musiyireni dokotala wa ziweto wodziwa njoka.

Makoswe a m'mudzi muno musaipatse, ambiri amakhala atadya poizoni. Gulani owumitsidwa mufiriji kusitolo ya ziweto, muwasungunule m'madzi ofunda musanaidyetse.