Gulugufe Amene Anasowa ku England

Mau atsopano: mbozi, funkha, katswiri, kudalira

Werengani nkhani iyi.

Ku England kuli gulugufe wokongola wochedwa Large Blue. Mapiko ake ndi abuluu, okhala ndi timadontho takuda. Kale agulugufe amenewa anali kuuluka m'mapiri a udzu. Koma caka ndi caka anayamba kucepa.

Anthu anaganiza kuti amene akuwatha ndi aja owagwira ndi kuwasunga m'mabokosi. Motero anamanga mipanda kuzungulira malo ena okhala agulugufewo. Mu 1975 boma linaika lamulo loletsa kuwagwira. Mipanda inalipo, lamulo linalipo, koma agulugufe anapitirizabe kutha. Nanga vuto linali pati?

Katswiri wina dzina lake Jeremy Thomas anatha zaka zingapo akuyang'anitsitsa agulugufe ocepa amene anatsala. Iye anapeza kuti moyo wao udalira nyerere.

Gulugufe wamkazi amaikira mazira pa maluwa a kacitsamba kochedwa thyme. Dzira likaswa, mumatuluka kambozi. Kamadya maluwawo kwa masabata ocepa, kenaka kamagwa pansi. Pamenepo kamatulutsa timadzi totsekemera, ndiponso kamanunkhira ngati mwana wa nyerere. Nyerere yofiira ikakapeza imayesa kuti ndi mwana wake. Basi imakanyamula n'kupita nako ku funkha, pansi pa nthaka. Koma mlendoyo ndi wocenjera zedi! Amakhala m'funkhamo miyezi pafupifupi 10, akudya ana a nyerere. Akakhwima amasanduka gulugufe, n'kutuluka kunja.

Si nyerere iliyonse imene ingasunge bwino mbozi imeneyi. Pafunika mtundu umodzi wa nyerere zofiira, ndipo nyererezo zimakonda nthaka yofunda. Popeza ku England kumazizira, nthaka imafunda kokha ngati udzu ndi waufupi, kuti dzuwa lizifika pansi.

Amene anali kufupikitsa udzuwo anali akalulu, nkhosa ndi ng'ombe. M'zaka za m'ma 1950 kunagwa matenda amene anapha akalulu ambirimbiri. Alimi naonso analeka kudyetsa ziweto m'mapiri ambiri. Nayo mipanda ija inatsekereza ziweto kunja. Udzu unatalika, nthaka inazizira, ndipo nyerere zija zinatha. Mbozi zikagwa pansi, panalibenso wozisunga bwino. Mipanda yomangidwa kuti iteteze gulugufe ndiyo inathandizira kumupha.

Pamene anthu anadziwa zimenezi, nthawi inali itatha kale. Mu 1979 gulugufeyu anasoweratu m'dziko lonselo. M'mapiri munangoti zii!

Mwamwai, m'maiko ena a ku Ulaya anali akalipo. Akatswiri anayamba ndi kukonza malo. Anadula zitsamba ndi kubweza ziweto kuti zidye udzu. Nyerere zofiira zitaculukanso, m'zaka za m'ma 1980 anakatenga mazira ndi mbozi ku Sweden n'kuziika m'malo okonzedwawo. Lero Large Blue akuulukanso m'madera monga Somerset ndi Gloucestershire.

Komabe nchito siinathe. Ziweto zikacepa, udzu umatalika. Cilala cikagwa, nyerere zimavutika. Conco osamalira malowo ayenera kukhala maso caka ciliconse. Iwo anaphunzira kuti wofuna kuteteza gulugufe ayenera kuyamba wadziwa zimene gulugufeyo adalira.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi gulugufe wa Large Blue amaikira mazira pati?
2. N'cifukwa ciani nyerere imanyamula mbozi?
3. Kodi mbozi imadya ciani m'funkha?
4. Chulani nyama zitatu zimene zinali kufupikitsa udzu.
5. Fotokozani mmene mipanda inaonongera zinthu.
6. Kodi mazira ndi mbozi zatsopano anakazitenga kuti?

Zocita

(a) Lembani mau awa motsatira mmene gulugufe amakulira: mbozi, gulugufe, dzira.

(b) Pangani ciganizo cimodzi ndi liu lililonse mwa awa: funkha, mpanda, kudalira.

(c) Tulukani panja awiriawiri. Pezani gulugufe mmodzi, koma osamugwira. Onani duwa limene waterapo, ndipo mujambule m'buku lanu.

(d) Kambiranani m'magulu: kodi kuocha chire kungawacite ciani mazira ndi mbozi za agulugufe a kwanu?