Funso la Agogo: Vinyo wa pa Misa Amachokera Kuti?

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu ku Mbombwe, agogo aamuna anandifunsa funso lomwe linandisowetsa chonena. Anati: "Iwe wa ku seminale, bwanji ansembe amaitanitsa vinyo kutali pomwe kuno mango ndi nthochi n'zosasowa?" Ndinangoti, "Agogo, ndikafufuza." Tsono nazi zomwe ndapeza.

Poyamba, lamulo la Mpingo nambala 924 limafuna kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zenizeni ndiponso wosaonongeka, poti ndi vinyo wotere amene Ambuye Yezu anagwiritsa ntchito pa Mgonero Womaliza.

Nanga bwanji sitilima mphesazo kwathu? Yankho lagona pa nyengo. Mpesa umakonda nyengo ya maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Italy, Spain ndi Greece. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, pamene mtengowu wayoyola masamba ndipo ukupuma. Miyezi yotentha imakhala youma, choncho dzuwa limakhwimitsa zipatso n'kuzidzaza shuga. Akazifinya, yisiti amasandutsa shugayo kukhala mowa.

Ku Chiradzulu zinthu n'zosiyana. Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi yofunda. Mphesa zikapsa pakati pa mvula zimang'ambika, kuchita chuku ndi kuola.

Dera loyandikira kwathu lokhala ndi nyengo ngati ya ku Mediterranean ndi la Western Cape ku South Africa. Kumeneko mvula yambiri imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo amakolola mphesa cha mu Febuluwale ndi Malichi. Mbiri yake inayamba ndi Jan van Riebeeck wa ku Netherlands, yemwe anafika ku Cape mu 1652. Vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659. Simon van der Stel anakhazikitsa tauni ya Stellenbosch mu 1679 ndi munda wa Constantia mu 1685. Mu 1688 kunafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, otchedwa ma Huguenot, ndipo ambiri anakhazikika kudera lomwe lero ndi Franschhoek. Mu 1925 Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot noir ndi Cinsaut, n'kupeza mtundu watsopano wotchedwa Pinotage.

Koma anzanga, mbiriyi ili ndi misozi. Minda yoyambayo inkalimidwa ndi akapolo kufikira ukapolo utathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake eni minda ambiri ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo. Mchitidwewu, wotchedwa "dop", unaletsedwa mu 1960 koma unapitirirabe m'minda ina mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo unazika uchidakwa m'mabanja ambiri. Lero pakati pa ogwira ntchito ku Western Cape palinso Amalawi anzathu amene anapita kukasaka moyo.

Kale ndikamatumikira Misa ndinkangosamala kuti ndisataye vinyo popita naye ku guwa. Tsopano ndimakumbukiranso anthu amene anathyola mphesazo padzuwa, n'kumadzifunsa ngati analandira malipiro oyenera thukuta lawo.

Agogo ndawalembera kalata kuwafotokozera zonsezi. Koma poti ndikuwadziwa, tchuthi chikubwerachi akandifunsa chifukwa chake sindinayese n'komwe kubzala mpesa umodzi kuseri kwa khola.