Utsi wa Minibasi Umadzera Pati?

Anzanga, Physics ija mukaipeza pa Malangalanga ku Old Town, pomwe amagulitsa zipangizo za galimoto. Utsi ukamachoka mu injini umayamba wadutsa mu manifodi. Ya Toyota Hiace zambiri ndi ya cast iron, chitsulo cha simbi yamakala chija: cholemera, chopirira moto. Kungoti ikang'aluka, kuwotcherera kwake n'kovuta.

Ena amaikamo ma header, mapaipi opyapyala, silinda iliyonse paipi yakeyake. Utsi umatuluka msanga, injini imakoka bwino ikamathamanga kwambiri. Koma chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira n'kubwerera. Kuphatikizapo mabampu a kwathu kuno, mowotcherera muja simuchedwa kung'ambika.

Minibasi yodzaza matumba a chimanga ili pa mpikisano ndi ndani? Ndikanakhala mwini wake, ine ndalama ya ma header ndikanagulira matayala.