LAMYA YA PAKHOMO

Ana inu, ambiri a inu munasewerapo ndi zitini ziwiri ndi ulusi. Muboola pansi pa chitini chilichonse, mulowetsamo ulusi ndi kumanga mfundo. Ndipo mnzanu akaima patali nakoka ulusiwo zolimba, mawu ake amveka m'chitini chanu. Chifukwa chake n'chiyani? Munthu akalankhula agwedeza mpweya. Mpweya ugwedeza pansi pa chitini, monga chikopa cha ng'oma chinjenjemera poiomba. Ndipo kunjenjemerako kutsata ulusi kufikira ku chitini china.

Lamya ichita ntchito yomweyo, koma m'malo mwa ulusi muli waya, ndipo choyenda m'wayamo si mawu ayi, koma magetsi. Pa lamya zakale, ku mbali ya kukamwa kuli kachitsulo kopyapyala, ndipo kuseri kwake kuli timibulu ta makala. Mukalankhula, kachitsuloko kapanikiza makalawo ndi kuwamasula. Akapanikizika, magetsi apita ambiri. Akamasuka, apita pang'ono. Ku mbali ya kukhutu kwa lamya inayo kuli maginito wokulungidwa ndi waya, amene akoka kachitsulo kena monga mwa kuchuluka kwa magetsiwo. Kachitsuloko kagwedeza mpweya, ndipo mawu abadwanso m'khutu la womvera.

Munthu amene adziwika ndi ntchito yoyambitsa lamya ndiye Alexander Graham Bell. Iye anabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland m'chaka cha 1847, nakhala mphunzitsi wa ogontha ku Boston m'dziko la America. Pa 10 March 1876 anaitana pa waya womthandiza wake Thomas Watson, amene anali m'chipinda china, ndipo Watson anamva nabwera. Taonani, lamya yoyamba sinali ya pakati pa mizinda ayi. Inali ya m'nyumba imodzi. Yotereyo inunso mungathe kuikonza.

Masiku ano anthu ambiri ayenda ndi lamya za m'manja, ndipo zakale zokhala ndi chingwe zangogona m'makabati. Zifunika ziwiri zotere, zosalira magetsi a pakhoma. Pafunikanso waya wa nthambi ziwiri wofika kumene mufuna, batire la mavolti 9, ndi kachipangizo kotchedwa resistor ka ma ohm 300, kamene kapezeka kwa okonza mawailesi. Ntchito yake ndiyo kuchepetsa magetsi kuti lamya zingaonongeke. Batire lotere likasowa, sanjani mabatire 6 a tochi, mutu wa lina ku tsinde la linzake. Pakuti lililonse lili ndi mavolti 1.5, ndipo onse pamodzi akwana 9.

Tsono chitani motere, pamaso pa aphunzitsi kapena munthu wamkulu. M'chingwe cha lamya muli timawaya tiwiri kapena tinayi, koma tonyamula mawu ndi tiwiri tokha. Pa lamya zambiri ndi kofiira ndi kobiriwira. Pa zina mitundu isiyana, ndipo muyenera kuyesa. Lumikizani kobiriwira ka lamya yoyamba ndi kobiriwira ka yachiwiri, mwa nthambi imodzi ya waya wanu. Kofiira ka yoyamba kapite ku mbali imodzi ya batire. Mbali inayo ya batire ipite ku resistor. Ndipo kuchokera pamenepo nthambi yachiwiri ifike ku kofiira ka lamya inayo. Pindani bwino polumikiza ponse ndi kukulunga ndi tepi, kuti mawaya angakhudzane.

Yang'anitsani chimene mwapangacho. Chili ngati bwalo la ana ogwirana manja. Magetsi atuluka m'batire, apyola m'lamya zonse ziwiri, nabwerera kumene anachokera. Mwana mmodzi akataya dzanja la mnzake, bwalo laduka. Momwemonso waya ukamasuka pamalo amodzi, lamya zikhala chete. Choncho mawu akapanda kumveka, musafulumire kunena kuti lamya yafa. Tsatani bwalo lonse ndi chala, ndipo kawirikawiri mudzapeza polekana. Dziwaninso kuti cholankhulira chikakhala pa mpando wake, bwalo lili lodulidwa. Magetsi ayenda pokhapokha onse awiri atanyamula, ndipo chifukwa chake batire silitha msanga.

Chinthu chimodzi lamya yanu sidzachita: sidzalira. Kampani ya lamya itumiza m'waya mavolti 48 olankhulira, koma poliza belu itumiza magetsi a mtundu wina, opita uku ndi uku, a mavolti 75 kapena 90. Batire lanu silingathe zimenezi. Koma nzeru sizisowa. Pachikani chitini cha timiyala pafupi ndi lamya inayo, mangani chingwe chofika kwa woitana, ndipo iye akakoka, chitini chidzalira.

Pali malamulo atatu osayenera kuiwala. Loyamba, musalumikize konse lamya yanu ku magetsi a pakhoma, pakuti ali ndi mavolti 230, ndipo apha munthu. Lachiwiri, musailumikize ku waya wa kampani. Lachitatu, ngati waya wanu upita pabwalo, musagwire lamya pa nthawi ya ziphaliwali, pakuti mphezi itsata waya.

Kodi chinthu chimenechi n'choseweretsa chabe? Iai. Taganizani za agogo amene agona okha m'kanyumba kawo kuseri kwa nkhokwe. Usiku adwala, miyendo yakana, ndipo mawu awo ndi ofooka, osafika ku nyumba yaikulu. Koma pali chingwe pafupi ndi mphasa yawo. Akoka, chitini chilira, amayi adzuka nanyamula lamya, namva chimene chavuta, nathamanga ndi nyali. Waya wamfupi ndi batire limodzi zathandiza munthu pa nthawi yake. Nzeru ya kusukulu iyenera kufika kunyumba motere.

MAFUNSO

1. Kodi chimene chiyenda m'waya wa lamya n'chiyani?
2. Bell anaitana yani, ndipo m'chaka chiti?
3. Mabatire a tochi 8 apereka mavolti angati?
4. Chifukwa ninji lamya ya pakhomo silira?
5. Tchulani malamulo atatu aja osayang'ana m'buku.