Magiredi Adavuta, Koma Mtima Uli pa Masitazi ya Zachuma

Lero tikucheza ndi inu achinyamata, kuyambira pa Kasiya, Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu mpaka ku Namitete, amene mudamaliza digiri yoyamba ndipo mukulakalaka yachiwiri, ija timati masitazi, pa maphunziro a zachuma, koma mukayang'ana chikalata cha magiredi anu nkhongono zimatha. Nanunso makolo senderani pafupi, poti fizi ya anawa idachokera m'mabelo a fodya ndi m'matumba a soya anu.

Nkhaniyi ikutikhudza ife eni dera. Pansi pa minda ya ku Kasiya papezeka miyala ya rutile ndi graphite, ndipo kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals ikukonzekera kutsegula mgodi. Mu 2023 kampani ina yaikulu, Rio Tinto, idagulamo masheya. Za chipukutamisozi, mtengo wa malo, misonkho ndi ntchito zidzafuna anthu odziwa kuwerengera phindu ndi chitayiko. Pamene nkhani zotere zikukambidwa, payenera kukhalanso ana akuno amene amadziwa kuti ekala imodzi ya mtedza imadyetsa banja miyezi ingati.

Zoona zake n'zakuti magiredi amene adalembedwa sangafufutike. Chomwe mungathe ndicho kuika pambali pake umboni watsopano wosonyeza kuti lero mukutha zomwe zidakukanikani kale. Tiyeni tione kachitidwe kake.

Choyamba, tengani chikalatacho, chija ku yunivesite amati transcript, muchiwerenge phunziro ndi phunziro. Osankha ophunzira a zachuma maso awo amathamangira pa masamu, statistics, microeconomics, macroeconomics ndi econometrics, chifukwa masitazi ya zachuma imayenda ndi masamu kuyambira sabata yoyamba. Amaonanso ngati magiredi ankakwera kapena kutsika. Amene adapunthwa chaka choyamba n'kudzakhoza bwino chaka chachitatu ndi chachinayi ali pabwino kuposa mmene akuganizira. Koma ngati chomwe chidakugwetsani ndi masamu, dziwani kuti ntchito yanu yagona pomwepo.

Chachiwiri, sankhani khomo loyenera kugogodapo. Ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa masitazi ya zachuma. Kuno ku Lilongwe, LUANAR ku Bunda ili ndi masitazi ya zachuma cha ulimi. Maphunziro onse awiriwa amayendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la AERC, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Nairobi, choncho musawaone mopepuka poti ndi apakhomo. Kunja kuli thandizo la maphunziro monga Chevening ya ku Britain, koma iwo amafuna digiri yokhoza bwino ndithu pamodzi ndi zaka 2 za ntchito. Ngati yanu ndi pass, musaike mtima wonse kumeneko. Werengani chilengezo cha sukulu iliyonse mawu ndi mawu, ndipo pomwe simukumvetsa lemberani mkulu wa dipatimenti kalata yaifupi yaulemu: digiri yanga ndi yakuti, ndidakhoza motere, ndagwira ntchito yakuti, kodi mungandiganizire, kapena ndiyambe ndachita chiyani? Safunsa adadya phula. Musanalipire ndalama kulikonse m'dziko muno, tsimikizani kuti maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi bungwe la NCHE.

Chachitatu, pezani giredi yatsopano. Ena amayamba ndi dipuloma ya anthu omaliza digiri, n'kuikhoza bwino, kenaka n'kufunsira masitazi. Palinso njira ya pa intaneti. Yunivesite ya MIT ku America, komwe ankaphunzitsa Esther Duflo ndi Abhijit Banerjee pamene adalandira mphoto ya Nobel mu 2019, ili ndi maphunziro otchedwa MicroMasters okhudza zachuma ndi kasanthulidwe ka manambala. Aliyense atha kuyamba, malipiro ake amatengera mapezedwe a munthu, ndipo mayeso ake amakhala ndi owayang'anira. Okhoza bwino amaloledwa kufunsira masitazi ku MIT komweko. Mpikisano wake ndi waukulu, koma ngakhale musafike kumeneko, satifiketiyo ndi umboni umene sukulu zina zingauone. Netiweki kumudzi imavuta ndipo bandulo ndi yodula, n'chifukwa chake ndi nzeru kutsitsiratu maphunziro a sabata yonse tsiku lomwe mwapita pa tauni.

Chachinayi, gwirani ntchito ndi manambala enieni. Tiyerekeze mtsikana wa ku Nsaru amene tsiku lililonse la msika amatenga kope n'kulemba mtengo umene mavenda akugulira soya, mtedza ndi chimanga pa kilogalamu. Walemba kuyambira Epulo, pomwe alimi akugulitsa mothamanga kuti abweze ngongole, mpaka Januwale, pomwe alimi omwewo akugulanso chimanga pa mtengo wokwera. Akaika manambalawo pa kompyuta, n'kuwayerekeza ndi mitengo ya mumzinda wa Lilongwe, n'kulemba masamba 8 ofotokoza kusiyanako ndi chomwe chikukuchititsa, ameneyo wachita kafukufuku wa zachuma. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachitanso kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja wotchedwa Integrated Household Survey, ndipo manambala ake, kuphatikizapo a 2019 mpaka 2020, amapezeka kwaulere pa intaneti kudzera ku World Bank. Pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala yotchedwa R nayonso ndi yaulere. Mukamva kuti bungwe likufuna anthu ofunsa mafunso m'midzi, lembetsani, ndipo mukatero pemphani kuti muzithandizako posanthula mayankhowo.

Chachisanu, konzani okuikirani umboni. Kalata ya mphunzitsi amene amakudziwani bwino imalemera kuposa ya bwana wamkulu amene sakukumbukirani nkomwe. Pitani kwa amene adakuyang'anirani pa kafukufuku wa chaka chomaliza, mutanyamula CV, magiredi ndi zomwe mwalemba posachedwa. Afunseni mosabisa ngati angakulembereni kalata yamphamvu, ndipo apatseni mwezi wathunthu. Kuwaimbira foni kutatsala masiku awiri n'kuwalakwira, ndipo kalata yolembedwa mothamanga imaonekeratu.

Chachisanu n'chimodzi, lembani kalata yanu yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira maphunzirowa. Za magiredi zitenge ziganizo ziwiri kapena zitatu basi. Mwachitsanzo: "Chaka chachiwiri ndidalephera statistics chifukwa ndinkagwira maganyu kuti ndipeze fizi. Ndidabwereza n'kukhoza, ndipo chaka chatha ndamaliza phunziro lina la econometrics, satifiketi yake ndaiphatikiza." Mwatero mwamaliza. Musanyoze aphunzitsi anu, musadzaze tsamba ndi madandaulo. Malo otsalawo fotokozani funso limene mukufuna kufufuza. Kunena kuti mukufuna kutukula dziko aliyense amalemba. Koma kunena kuti mukufuna kudziwa mmene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudasinthira kagulidwe ka feteleza pakati pa alimi a ku Kabudula, kumasonyeza munthu amene waganiza.

Tsono chenjezo. Kuli anthu amene angakuuzeni kuti mukawapatsa ndalama akukonzerani magiredi. Athaweni. Sukulu zimafunsa kumene mudaphunzira, ndipo chinyengo chikaululika mumataya malo, mbiri, mwinanso kukathera kupolisi. Pass yoona ili ndi tsogolo, credit yabodza ilibe.

Zonsezi zimafuna nthawi, mwina chaka chimodzi kapena ziwiri. Funsirani malo atatu kapena anayi, osati amodzi. Akakukanani, funsani mwaulemu chomwe chidaperewera, mukonze, mudzayesenso chaka chamawa. Makolo, mwana akakhala pa kompyuta madzulo atachoka kumunda, musamuyese waulesi. Mufunseni chimene akuphunzira, ndipo ngati n'kotheka muthandizeni ya bandulo.

Inu achinyamata, ntchito ya sabata ino ndi iyi: tulutsani chikalata cha magiredi chija m'chikwama, lembani maphunziro amene adakuvutani, ndipo tumizani kalata imodzi yofunsa ku dipatimenti imene mukuifuna. Yambani lero, dera lathu likufuna akatswiri a zachuma obadwira konkuno.