Zimene Ndinakumana Nazo pa Mayeso Olowera Ntchito ya Zamagetsi

Kwathu ndi ku Muloza, kumalire a dziko lino ndi Mozambique, kumene msewu wa M2 umathera. M'chaka cha 2023, patapita miyezi ingapo namondwe wa Freddy atasakaza dera lathu, ndinaitanidwa ku mayeso a ntchito pa fakitale ina ya tiyi m'boma lomweli la Mulanje. Ankafuna injiniya wongoyamba kumene woti azisamalira zipangizo zoyendetsera makina. Ndinali nditangomaliza maphunziro ku MUBAS, sukulu imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, ndipo kunyumba onse ankadalira ine chifukwa munda wa amayi unali utakwiririka ndi mchenga ndi miyala.

Mayesowo anali ndi magawo atatu. Loyamba linali lolemba: lamulo la Ohm, ntchito ya transista, ndi kuwerenga chithunzi cha mayendedwe a magetsi. Aliyense amene anamvetsera m'kalasi sangavutike nazo.

Gawo lachiwiri ndi limene ndikufuna anzanga alimvetse. Anandiikira patebulo kabokosi kosinthira mphamvu ya magetsi kamene kanali katafa, pamodzi ndi malitimita. Bambo wina wachikulire, wovala ovololo, anakalumikiza ku magetsi, n'kukazimitsa, n'kunena kuti ndipeze vuto. Ine ndi phuma langa ndinatambasula dzanja kuti nditembenuze bolodi. Bamboyo anandigwira pamkono nati, "Achimwene, zala zimenezi mukuzifunabe?"

Manyazi anandigwira, pakuti chifukwa chake ndinkachidziwa bwino. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavoti 230, koma nambala imeneyi ndi yapakatikati chabe; pachimake amafika pafupifupi 325. Akadutsa m'madayodi anayi owongola magetsi, amakadzaza kapasita yaikulu, ndipo kapasitayo imatha kusunga mphamvuyo ngakhale mutazula pulagi. Choncho musanakhudze kanthu, yambani mwayeza. Ndinayeza, ndinatsitsa mphamvu yotsalayo kudzera mu rezisita, kenaka ndinayamba kufufuza kuchokera kumene magetsi amalowera: chingwe, fyuzi, madayodi, mpaka ndinapeza polumikizira pamene mtovu unali utang'aluka. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinkanena mokweza chilichonse chimene ndinkachita ndi chifukwa chake. Khalidweli ndinalitengera kwa amalume anga amene ankakonza mawailesi pa msika wa Limbuli. Iwo ankayankhula ndi wailesi ngati munthu. Ndaona kuti oyesa amafuna kumva mmene mukuganizira kuposa kuona liwiro la manja anu.

Gawo lomaliza linali la mafunso a pakamwa pamaso pa anthu anayi. Zonse zinkayenda m'Chingerezi, ine n'kumayankha zimene ndinaloweza. Mwadzidzidzi mayi wina anasintha chiyankhulo. "Tiyerekeze kuti ine ndine wantchito wa m'chipinda chofotetsera masamba, sukulu ndinalekera Sitandade 6. Tandiuzeni m'Chichewa chifukwa chake ndisatsegule bokosi loyendetsera mota ya chokupizira mphepo ndikangozimitsa."

Apa ndiye pakamwa panauma. Zaka zonse za ku koleji sindinafotokozepo za kapasita m'chinenero changa, ngakhale kamodzi. Ndinayamba ndi mawu a Chingerezi, mayiwo n'kupukusa mutu. Nditakhala chete pang'ono ndinati, "Mayi, mukatseka mpopi, madzi amene alowa kale mu thanki sathawa. M'bokosimo muli kathanki ka magetsi. Mukazimitsa mwangotseka mpopi, kathankiko kakadali kodzaza, ndipo kangathe kupha munthu. Dikirani mphindi zimene zalembedwa pachitseko, ndipo muitane wa zamagetsi adzayeze." Fanizoli silokwanira kwenikweni kwa katswiri, koma mayiwo analemba kanthu papepala, bambo wa ovololo uja n'kumwetulira.

Atandipatsa mpata wofunsa, ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula, choncho ndinafunsa kuti makina amene amafa kawirikawiri nyengo ya mvula ndi ati. Anandiyankha kwa nthawi yaitali za ziphaliwali ndi chinyezi cha m'munsi mwa phiri, mpaka wapampando anachita kuwadula.

Foni inalira patatha milungu itatu, ndili kumunda kuthandiza amayi kuchotsa miyala. Anati ndikayambe Lolemba, ndipo miyezi itatu yoyamba ndidzakhala pansi pa bambo aja.