Mutu 18: Nyimbo Zimene Zidapulumuka pa Mbale za Galamafoni

Gitala ndi choyimbira chodziwika kwa ana ndi akulu omwe. Kawirikawiri imaperekeza munthu amene akuyimba ndi pakamwa. Koma ulipo mtundu wina wa gitala umene umayimba nyimbo yonse pawokha. Gitala yotere ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Woyimba amakhala pampando ndi kumaliza nsambozo ndi zala za dzanja lamanja. Chala chachikulu chimaliza mawu aakulu, ndipo zala zinazo zimaliza mawu aang'ono, kotero kuti womvera amayesa kuti oyimba alipo awiri.

Mmodzi mwa akatswiri a gitala imeneyi adali Agustín Barrios. Iye adabadwa m'chaka cha 1885 m'dziko la Paraguay ku South America. Adayamba kuyimba ali mwana, ndipo atakula adayendayenda m'mayiko ambiri kusangalatsa anthu. Adapeka nyimbo pafupifupi 300, ndipo imodzi yotchuka kwambiri ndi La Catedral ya m'chaka cha 1921.

Barrios sadali munthu wosamala mapepala. Akalemba nyimbo ankaipereka kwa bwenzi ngati mphatso, iye napitiriza ulendo. Nyimbo zochepa zokha ndi zimene zidasindikizidwa iye ali moyo. Mwamwayi, cha m'ma 1913 adayamba kujambulitsa nyimbo zake pa mbale za galamafoni. Iye adali mmodzi mwa akatswiri oyamba a gitala yotere kuchita zimenezi.

Kujambula nyimbo masiku amenewo kudali ntchito yovuta. Woyimba ankakhala patsogolo pa chitsulo chonga lipenga lalikulu. Mawu akalowa m'lipengamo ankanjenjemeretsa kansingano, ndipo kansinganoko kankalemba timizere pa phula limene linkazungulira. Popeza gitala ili ndi mawu ofatsa, woyimba ankayenera kukhala pafupi kwambiri ndi lipengalo. Mbali imodzi ya mbale inkangotenga mphindi zitatu kapena zinayi. Chala chikaphonya nsambo, padalibe njira yokonzera koma kuyambiranso nyimbo yonse.

Barrios adamwalira ali wosauka m'chaka cha 1944 mumzinda wa San Salvador, kutali ndi kwawo. Kwa zaka zambiri dzina lake silinkamvekanso kunja kwa mayiko amene adayendamo. Nyimbo zake zikadatha kutayika, koma anthu ena okonda gitala adayamba kufunafuna mapepala ake ndi mbale zake zakale. Nyimbo zina zimene mapepala ake adasowa adazilemba pomvetsera mbalezo mobwerezabwereza mpaka atagwira liwu lililonse.

M'chaka cha 1977 katswiri wina, John Williams, adatulutsa mbale ya nyimbo za Barrios zokhazokha. Anthu a m'mayiko akutali atazimva adazizwa kuti nyimbo zokoma chotero zidabisala nthawi yonseyi. Zoonadi, mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Lero ophunzira gitala padziko lonse amayimba nyimbo za Barrios, ndipo anthu a ku Paraguay adaika nkhope yake pa ndalama yawo yapepala.

Mawu ofunika kuwadziwa

nsambo, katswiri, kupeka, kusindikiza, phula

Mafunso

1. Kodi gitala imene yafotokozedwa m'nkhaniyi ili ndi nsambo zingati?
2. Barrios adabadwira kuti, nanga adamwalirira kuti?
3. Tchulani zovuta ziwiri zimene woyimba ankakumana nazo pojambulitsa nyimbo.
4. Nchifukwa chiyani nyimbo za Barrios zikadatha kutayika?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.

Ntchito

Funsani agogo kapena munthu wamkulu wa kwanu kuti akuphunzitseni nyimbo imodzi yakale. Lembani mawu ake m'kope lanu kuti isaiwalike.